Chiliza cha agogo ndi nkhondo ya ku Burma

Banja lathu litagwirizana zomanga chiliza cha agogo aamuna, bambo awo a mayi anga, ntchito zinagawidwa tsiku lomwelo. Ena anatenga za simenti, ena za njerwa, amayi anatenga za thobwa ndi ndiwo. Ine amalume anandiyang'ana nati, "Iwe sukulu unapita nayo patali. Ulembe mawu oika pamwala, komanso mbiri yoti tidzawerengere anthu tsikulo. Usaiwale kuti bambo anga anali a Keyala, anakamenya nkhondo ku China."

Ndinavomera ndikumwetulira, poganiza kuti ndi ntchito ya usiku umodzi. Inanditengera miyezi isanu, ndipo kawiri konse ndinatsala pang'ono kulakwira munthu wakufa. Ndikudziwa kuti mabanja ambiri kuno kwathu, ku Zambia ngakhale ku Zimbabwe ali ndi agogo otere, amene timangoti anapita "kunkhondo ya Hitler" pamene iwo ankalimbana ndi Majapani kutali kwambiri ndi Hitler. Ndiye ndati ndifotokoze pamene ndinasokerera kuti mnzanga wina asadzasokerenso pomwepo.

Agogo anamwalira ndili Fomu 2. Zimene ndinkakumbukira ndi za pakhonde madzulo, iwo akupichira chingambwe chawo. Ankatchula mayina anayi mobwerezabwereza: Siloni, Tamu, Kabawo, Kalewa. Nthawi zina ankawonjezera Chindwini. Ankati kumeneko mvula inawavumbwa mwezi ndi mwezi osakata, misundu inkalowa mpaka m'nsapato, chakudya chinkagwa kuchokera kumwamba, mankhwala a malungo ankasandutsa azungu achikasu ngati papaya, ndipo anaona anthu akuda ngati ife akuyendetsa malole akuluakulu, akuyankhula Chingerezi cha m'mphuno. Ankatinso ndege zinkangodutsa usana ndi usiku "kupita kwa Matchaina". Ife ana tinkaseka. Chakudya kugwa kumwamba? Tinkati agogo akalawa kachasu nkhani zimakula.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kuyamba ndi foni m'malo moyamba ndi chitini. Kumudzi kunali chitini chakale cha mabisiketi chimene amalume ankasungamo zinthu za bambo awo, koma ine ndinachita ulesi wokwera minibasi. Ndinafunsa msuweni wanga amene amakhala ku Kitwe ngati anamvapo za Kalewa, iye n'kuseka kuti, "Kalewa Barracks ili pompano ku Ndola, Chindwin Barracks ili ku Kabwe." Mtima unangoti myuu. Ndinaganiza kuti basi, agogo anangofika ku Northern Rhodesia, n'kumadzatinamiza kuti anawoloka nyanja. Ndinachita kuwaimbira amalume n'kuwauza zimenezo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye iwe ukuti bambo anga anali abodza?" Anadula foni.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wa kutchalitchi kwathu amene anapuma ntchito ya usilikali. Nditawafotokozera anandifunsa kuti, "Moyale Barracks ya ku Mzuzu mukuganiza kuti dzina lake ndi Chitumbuka?" Anandiuza kuti Moyale ndi tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia kumene asilikali a ku Nyasaland anamenyana ndi Mataliyana mu 1940. Makampu ambiri a asilikali amatchedwa mayina a malo amene makolo awo anakhetsako magazi. Kalewa weniweni ndi tauni ya ku Burma, dziko limene lero timati Myanmar, ndipo ili m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin. Arakan Barracks ya ku Lusaka nayonso dzina lake ndi la chigawo cha m'mphepete mwa nyanja ku Burma komweko. Safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma ndinafunsa munthu mmodzi n'kuthamangira kuweruza.

Loweruka lotsatira ndinapita kumudzi, ndinapepesa, ndipo chitini chinatsegulidwa. Munali mendulo zitatu ndi kabuku kothothoka masamba kamene anawapatsa powatulutsa usilikali. Mendulo imodzi inali nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, kansalu kake kofiira pakati, kabuluu ndi kaolenji m'mbali, ndipo pozungulira panalembedwa kuti The Burma Star. Mendulo imeneyi inkaperekedwa kwa amene anatumikira ku nkhondo ya ku Burma pakati pa Disembala 1941 ndi Seputembala 1945. Mukabukumo munali nambala yawo ya usilikali ndi gulu lawo, 22 KAR, kutanthauza batalioni ya nambala 22 ya King's African Rifles, Keyala uja. Zonse zimene ndinavutika nazo milungu itatu zinali m'chitini cha mabisiketi.

Ndiye ndinagwera m'dzenje lachiwiri, lozama kuposa loyamba. Nditalemba pa intaneti za nkhondo ya ku Burma, zimene zinabwera zambiri zinali za asilikali a ku America ndi a ku China: mkulu wa nkhondo wa ku America Joseph Stilwell, gulu la asilikali a ku America lotchedwa Merrill's Marauders, kulandidwa kwa tauni ya Myitkyina. Ndinati eya, Matchaina a agogo aja ndi amenewa. Ndinalemba mbiri yokoma kwambiri, agogo ali phewa ndi phewa ndi Matchaina akulanda bwalo la ndege. Ndinaiwerengera mkazi wanga, iye n'kungofunsa funso limodzi: "Nanga Myitkyina-yo agogo ankaitchula?" Sankaitchula. Nditayang'ana pamapu ndinaona kuti Myitkyina ili kumpoto kwenikweni, makilomita mazana angapo kuchokera ku Kalewa, ndipo bwalo la ndegelo linalandidwa pa 17 Meyi 1944, gulu la agogo lisanalowe n'komwe m'Burma.

Apa m'pamene ndinakhala pansi kuti ndimvetse nkhondo yonseyo, ndipo ndikulangiza aliyense kuti gawo ili asalidumphe, ngakhale likuoneka ngati silikukhudza agogo ake. M'dziko limodzi la Burma munkachitika nkhondo zingapo nthawi imodzi, ndipo muzu wake unali ku China.

Japan ndi China anayamba kumenyana kotheratu mu Julaye 1937, nkhondo ya ku Ulaya isanayambe. Majapani analanda Shanghai, kenako Nanjing mu Disembala chaka chomwecho, kumene anapha anthu wamba ochuluka zedi. Boma la China, lotsogozedwa ndi Chiang Kai-shek, linathawira mkati mwa dziko, ku Chongqing. Madoko a kunyanja atagwa m'manja mwa Japan limodzi ndi limodzi, China anatsala ngati nyumba imene adani atseka khomo lakumaso, kwangotsala kakhomo kakuseri. Kakhomo kameneko kanali Burma Road, msewu wa makilomita oposa 1,100 wochokera ku Lashio m'Burma kukafika ku Kunming m'China. Anaukumba ndi makasu ndi madengu anthu pafupifupi 200,000 mu 1937 ndi 1938. Katundu ankatsika padoko la Rangoon, n'kukwera sitima ya pamtunda mpaka Lashio, kenako malole.

Japan ataphulitsa Pearl Harbor, doko la sitima za nkhondo za America, pa 7 Disembala 1941, America analowa nkhondo, ndipo Majapani anathamangira kukatseka kakhomo kaja. Rangoon inagwa mu Malichi 1942, Lashio kumapeto kwa Epulo. China anatumiza asilikali ake kudzathandiza Angerezi, ndipo anamenya molimba ku Toungoo. Ku Yenangyaung gulu la Matchaina lotsogozedwa ndi Sun Li-jen linapulumutsa asilikali a Angerezi masauzande amene anali atazingidwa. Komabe onse anagonja. Ena anabwerera ku China kudzera m'nkhalango, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda, ena anatulukira ku India. Stilwell mwiniwake anatuluka m'Burma wapansi.

Msewu utatsekedwa, a ku America anayamba kunyamula katundu pandege kuchokera ku Assam, kumpoto chakum'mawa kwa India, kudumpha mapiri a kum'mawa kwa Himalaya kukatera ku Kunming. Njira imeneyi ankaitcha The Hump. Mafuta, zipolopolo, mankhwala, zonse zinkadutsa mumlengalenga, ndipo ndege pafupifupi 600 zinatayika panjirayo. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira mawu a agogo aja, ndege zopita kwa Matchaina. Sanakafike ku China. Anadutsa ku Assam, kumene ndegezo zinkanyamukira. Amalume anamva "China" ali mwana, n'kuisunga zaka zonsezi.

Ndege zokha sizikanakwanira, choncho mu Disembala 1942 anayamba kulambula msewu watsopano kuchokera ku Ledo, ku Assam komweko, kuti ukalumikizane ndi Burma Road yakale. Asilikali a ku America okwana pafupifupi 15,000 anagwira ntchitoyi pamodzi ndi anthu a m'deralo masauzande ambiri, ndipo oposa theka la asilikaliwo anali akuda. Gulu la nkhondo la America nthawi imeneyo linkalekanitsa anthu potengera khungu, ndipo akuda ambiri ankawapatsa ntchito zokumba misewu ndi kuyendetsa malole. Anthu akuda a Chingerezi cha m'mphuno aja ndi amenewa. Ndimaganiza kawirikawiri za mphindi imeneyo: mnyamata wa ku Ntcheu wovala chipewa cha Keyala ndi mnyamata wakuda wa ku America ali pachiwongolero, akuyang'anizana m'fumbi la ku India, aliyense atatumidwa ndi mzungu wake.

Kuti msewu wa Ledo upite patsogolo pankafunika kuchotsa Majapani kumpoto kwa Burma. Imeneyo ndiyo inali nkhondo ya Stilwell. Asilikali a ku China amene anathawira ku India anawaphunzitsanso ku Ramgarh n'kuwapatsa zida za ku America, ndipo ndiwo anasenza gawo lalikulu la nkhondoyo m'chigwa cha Hukawng. Merrill's Marauders anali anthu pafupifupi 3,000 okha, ngakhale kuti mabuku ndi makanema amawakweza ngati analipo okha. Tauni ya Myitkyina inagwa pa 3 Ogasiti 1944, patatha miyezi iwiri ndi theka bwalo la ndege litalandidwa. Nthawi yomweyo gulu lina la China linawoloka mtsinje wa Salween kuchokera ku Yunnan, n'kulanda phiri la Songshan ndi tauni ya Tengchong mu Seputembala, anthu ambirimbiri atafa. Malole oyamba anafika ku Kunming mu Febuluwale 1945. Stilwell anali atachotsedwa kale mu Okutobala 1944 chifukwa chosamvana ndi Chiang Kai-shek, ngakhale msewuwo anautcha dzina lake. Chaka chomwecho cha 1944 Majapani anali atayambitsa nkhondo yaikulu mkati mwa China, yotchedwa Ichi-Go, n'kulanda mabwalo a ndege a America angapo kumwera kwa dzikolo. Mwachidule, pamene khomo lakuseri linkatsegulidwa, m'nyumbamo munali moto.

Imeneyo ndi nkhondo ya kumpoto. Ya agogo inali ya pakati, ya gulu la nkhondo la Britain lotchedwa Fourteenth Army limene ankalitsogolera William Slim, momwe munali Amwenye, Magurkha a ku Nepal, Angerezi ndi anthu a mu Africa. Mu Malichi 1944 Majapani, motsogozedwa ndi Mutaguchi Renya, anawoloka Chindwin kulowera ku India, n'kuzinga matauni a Imphal ndi Kohima. Ananyamula chakudya cha milungu yochepa poganiza kuti akadya za adani awo. Zinawakanika, ndipo pofika Julaye anabwerera ali ndi njala, oposa theka atafa, kuvulala kapena kudwala. Slim sanafune kuwapatsa mpata wopuma ngakhale inali nyengo ya mvula yoopsa. Gulu limene analituma kuwathamangitsa linali 11th East African Division, momwe munali mabatalioni a ku Nyasaland, Northern Rhodesia, Tanganyika, Kenya ndi Uganda, pansi pa Charles Fowkes.

Tsopano mayina anayi aja anakhala pamzere ngati mikanda. Siloni ndi Ceylon, Sri Lanka ya lero, kumene gululi linaphunzirako nkhondo ya m'nkhalango litawoloka nyanja kuchokera ku Mombasa. Ulendo wa panyanjawo sunali wamasewera: mu Febuluwale 1944 sitima yotchedwa Khedive Ismail, yonyamula asilikali a ku East Africa panjira yomweyo, inamizidwa ndi sitima ya pansi pa madzi ya Japan, ndipo anthu pafupifupi 1,300 anafa. Tamu ndi tauni ya m'malire a India ndi Burma. Kabawo ndi chigwa cha Kabaw, chimene asilikali ankachitcha chigwa cha imfa chifukwa cha malungo ndi matenda ena oopsa ofalitsidwa ndi tizilombo ta m'udzu. Gululi linalowamo mu Ogasiti 1944. Msewu unali matope okhaokha, malole ankatitimira, choncho chakudya ndi zipolopolo ankaziponya kuchokera m'ndege, zina mwa izo za America, zina pa palachuti, matumba ena ongogwetsa. Chakudya chinkagwadi kumwamba. Mankhwala achikasu aja ndi mepacrine, amene msilikali aliyense ankayenera kumwa tsiku ndi tsiku, ndipo ankasandutsadi khungu lachikasu. Kalewa analowamo kumayambiriro kwa Disembala 1944, n'kuwoloka Chindwin, ndipo pamalo pomwepo panamangidwa mlatho woyandama wautali mamita oposa 300 umene magulu ena anadutsapo kupita ku Mandalay. Mawu a akulu akoma akagonera, koma awa anachita kugonera zaka zoposa makumi awiri m'mutu mwanga ndisanawamve kukoma.

Ndisanamalize kulemba ndinapita kwa mlongo wawo wa agogo, yekhayo amene watsala pa mbumba yawo. Maso anachita khungu koma mutu uli bwinobwino. Poyamba ndinalakwitsa kufunsa. Ndinati, "Agogo, achimwene anu anamenya nkhondo kuti?" Anayankha kuti, "Kunkhondo komweko." Nditasintha n'kufunsa kuti, "Atabwera ankadana ndi chiyani?" nkhani inatuluka yokha. Anati sankafuna kuona mpunga m'mbale, ankadzuka usiku mvula ikamagwa padenga n'kukakhala pakhomo, ndipo ankalira mnzawo wina wa mudzi woyandikana nawo amene anamusiya ku Kabawo. Okalamba musawafunse ngati mayeso a kusukulu. Afunseni za chakudya, za zovala, za maloto, za tsiku limene munthuyo anabwera, ndipo foni ikhale ikujambula mawu mutawapempha chilolezo. Mayina a malo muwalembe momwe akuwatchulira, osawakonza, chifukwa Siloni ndi Kabawo ndi amene anandifikitsa ku Ceylon ndi Kabaw.

Za mnzawo uja ndinakafufuza patsamba la pa intaneti la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali amene anafera kunkhondo. Tsambali ndi laulere, koma dziwani kuti lili ndi mayina a amene anafera kunkhondo okha. Ine poyamba ndinataya masiku ndikusaka agogo anga pamenepo, kuiwala kuti iwo anabwerako amoyo. Amene anafera ku Burma ambiri ali kumanda a Taukkyan, pafupi ndi Yangon (Rangoon wakale uja), ndipo pomwepo pali chipilala cha Rangoon Memorial cholembedwa mayina pafupifupi 27,000 a anthu amene manda awo sadziwika. Posaka yesani kalembedwe kosiyanasiyana, chifukwa amene ankalemba mayinawo anali makalaliki ongomva ndi khutu: l ndi r amasinthana, dzina la bambo limakhala ngati la mwana, ndipo anyamata ena ankalembetsa dzina lina pothawa makolo. Nambala ya usilikali ndiyo sinama, ndiye ngati ili pa kabuku, pa chiphaso kapena pa kalata yakale, ijambuleni lero lomwe chiswe chisanadye. Mendulo za nkhondo imeneyi zambiri zilibe dzina la mwini wake, zimangokuuzani dera limene anatumikira.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu n'chakuti si onse a ku Nyasaland anali ku Kabaw. Batalioni ya 1 KAR inali mu 22nd East African Brigade, pamodzi ndi asilikali a Northern Rhodesia Regiment ndi a Rhodesian African Rifles, ndipo iwo anamenya ku Arakan mu 1945. Ngati agogo anu ankatchula Taungup kapena ankakamba za madambo a m'mphepete mwa nyanja, yang'anani kumeneko. Ngati m'chitini muli Africa Star, yambani ndi Ethiopia ndi Somaliland. Mukadziwa batalioni, mabuku a tsiku ndi tsiku a magulu a nkhondo a ku South East Asia amasungidwa ku National Archives ya ku Kew, ku London, pansi pa nambala WO 172. Msilikali wamba satchulidwa kawirikawiri m'menemo, koma mumaona pamene gulu lake linagona tsiku lililonse. Wachibale amene ali ku Britain akhoza kukakujambulirani masamba.

Mbiri yoyamba ija, ya Matchaina ndi bwalo la ndege, ndinaing'amba. Yachiwiri inali yaifupi ndipo inalibe zokometsera. Vuto linatsala linali amalume, amene anakhala akuuza anthu za China kuyambira ali mnyamata. Ndinasindikiza mapu papepala lalikulu, tinakhala pamphasa, ndipo ndinayendetsa chala kuchokera ku Mombasa, Ceylon, Assam, Tamu, kutsika chigwa mpaka Kalewa. Kenako ndinawaonetsa msewu wa Ledo ndi njira ya ndege zija, kumtunda kwake.

"Ndiye China sanafikeko?" anafunsa.

"Sanafikeko, amalume. Anafika apa. Koma nkhondo yonseyi inkachitika chifukwa cha msewu wopita ku China. Iwo anagwira Majapani kuno pamene Matchaina ndi a ku America ankatsegula uku."

Anayang'ana mapuwo nthawi yaitali, chala chili pa Kalewa. Kenako anati, "Bambo ankati madzi a Chindwini ndi ofiirira ngati a Rivirivi nthawi ya dzinja. Ulembe Chindwini-yo."

Wozokota mwala ankalipiritsa pa chilembo chilichonse, choncho tinachepetsa mawu. Pansi pa dzina ndi zaka zawo tinalembetsa nambala yawo ya usilikali, kenako mzere umodzi: 22 KAR, Burma 1944, Kabaw, Kalewa, Chindwin. Tsiku lovundukula chiliza, nditafika pa chakudya chogwa kumwamba, asuweni anga amene tinkaseka nawo pakhonde paja anayang'anizana, ndipo mlongo wawo wa agogo uja, amene anali pampando kutsogolo, anakweza mawu nati, "Ankanena achimwene, inu munkati ndi kachasu."